Maikulosikopu ndi ngati mjigo, imafuna komiti

Amalawi ambiri amene tili ku Romford ndi madera ozungulira timadya za m'chipatala: unamwino, kusamalira okalamba, ena mu labotale. Amene mumagwira ntchito ku Queen's Hospital mukudziwa kuti makina odula sakhala a wodi imodzi. Amakhala pamalo amodzi, ali ndi munthu wowayang'anira, ndipo aliyense amalembetsa nthawi yowagwiritsa ntchito. Koma tikakumana kuti tithandize kumudzi, nzeru imeneyi timaisiya pa chipata. Timathamangira kudzaza kontena ndi zida zotha ntchito, tijambulitse chithunzi, basi.

Ine ndikuti tisinthe, ndipo tiyambire pa kafukufuku wa chitetezo cha m'thupi.

Wina anena kuti, anthu akusowa panado ku Ntchisi, inu mukukamba za maikulosikopu? Funso labwino, koma taonani zomwe chida chimodzi chinachita ku Blantyre. Mu 2008 chipatala cha Queen Elizabeth chinalandira makina a MRI. Mu 2015 gulu la Karl Seydel ndi Terrie Taylor linatulutsa zotsatira za ana 168 odwala malungo a mu ubongo: mwa ana amene anamwalira, 84 pa 100 aliwonse ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka anali 27 okha. Madokotala anali ataona ana akufa ndi nthendayi kwa zaka zambiri osadziwa bwinobwino chowapha. Yankho linapezeka kwathu, chifukwa chida chinali pamene pali odwala.

Chimodzimodzi ndi chitetezo cha m'thupi. Ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, yomwe inayamba mu 1995, akatswiri monga Henry Mwandumba ndi Kondwani Jambo anaonetsa kuti kachirombo ka HIV kamabisala m'maselo ena a m'mapapo, omwe ntchito yawo ndi kumeza tizirombo, ndipo kamawafooketsa. Izi zimathandiza kumvetsa chifukwa chake TB ndi chibayo zimakonda anthu omwe ali ndi kachiromboka. A Mwandumba analandira mphoto ya Royal Society Africa Prize mu 2019. Mitu ilipo, abale.

Ntchito yotere imafuna maso akuthwa. Maikulosikopu ija timaiona poyezetsa malungo imangosonyeza kuti kachirombo kalipo. Yamakono, yotchedwa confocal, imagwiritsa ntchito kuwala kwa laser ndi utoto wowala, n'kujambula selo gawo ndi gawo mpaka uone pamene kachirombo kakhala ndi zomwe selo likuchita nako. Koma ndi yodula, siifuna fumbi, siifuna kutentha, ndipo magetsi ozimazima amaiwononga. Ikafa, wokonza nthawi zambiri amachokera kunja.

Apa ndiye pali nkhani ya mjigo. Tonse tinaonapo mjigo wokumbidwa ndi abwino mtima, mwambo wotsegulira n'kuvina komwe, chaka chisanathe wauma chifukwa kachitsulo kamodzi kathyoka. Mjigo umene umakhalitsa ndi uja uli ndi komiti, anthu amasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo pali mnyamata wophunzitsidwa kuukonza. Maikulosikopu ndi chimodzimodzi.

Kuno ku London, Francis Crick Institute, yomwe inatsegulidwa mu 2016 pafupi ndi St Pancras, inaika zida zotere pamodzi. Magulu ofufuza amabwerekana, ndipo pali antchito omwe ntchito yawo ndi makinawo basi. Ngati olemera akugawana, ife osauka tinganyadire chiyani kuti dipatimenti iliyonse ikhale ndi kake kotsekera m'kabati, kiyi ali m'thumba la bwana? KUHeS, MUST, LUANAR ndi Mzuni zikhale ndi malo amodzi olimba, pomwe wophunzira wochokera ku Mzuzu angalembetse tsiku lake ngati mnzake wa ku Blantyre, pamtengo wodziwika.

Nanga ife tichitepo chiyani? Sitingagule makinawo ndi ndalama za zikondamoyo, tinene zoona. Koma zinthu zomwe opereka thandizo amaiwala tingazikwanitse. Magulu athu angalipirire mnyamata kapena mtsikana mmodzi maphunziro osamalira ndi kukonza makinawa. Angagule mabatire ndi zotetezera magetsi. Inu a mu labotale, tchuthi chikakwana, perekani masiku awiri kukaphunzitsa anzanu, maukwati ndi ziliza sizithawa. Ndipo musanatumize chida chilichonse, funsani kaye eni ake: mukuchifuna? Adzakonza ndani? Zipangizo zake zimapezeka kuti?

Dziko lathu ndi limene linayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mu Epulo 2019, ndipo katemera wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Blantyre asanafike m'dziko lonse mu 2023. Magazi a ana athu akuphunzitsa dziko lapansi. Ndi bwino kuti owayang'ana pa galasi akhale ana athu omwe, ali kwawo, pa makina amoyo.