Bwato la chilimwe pa madzi a dzinja

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito ku Muizenberg, m'mbali mwa nyanja ku Cape Town, pa sitolo yobwereketsa matabwa osewerera pa mafunde. Sabata yatha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Matabwa ali ndandanda atatsamira khoma, lina lalitali kuposa chitseko, lina longomufika munthu pamutu. Ndinamufunsa kuti munthu mmodzi amatani nawo onsewo. Iye anati: "Amalume, nyanja ya lero si ya dzulo. Abwana anga okha ali nawo asanu ndi awiri, ndipo sanyamula lililonse asanapite kukaona madzi."

Anandifotokozera bwinobwino. Lalitali lija, la mamita pafupifupi 2.7, ndi lotambalala ndiponso lochindikala, motero limayandama kwambiri. Ndilo la mafunde aang'ono, oyenda pang'onopang'ono, ngati a pa Muizenberg pomwe ambiri amaphunzirira. Lalifupi, la mamita 1.8 kapena kuchepera, ndi la akatswiri pa mafunde othamanga ngati a ku Jeffreys Bay. Limakhota msanga, koma wophunzira akalikwera limangomira naye. Palinso lina lalitali, lopapatiza, losongoka kutsogolo ndi kumbuyo, lomwe amalitcha gun. Limeneli amalitulutsa tsiku limene nyanja yakwiya, kumalo ngati Dungeons pafupi ndi Hout Bay, kumene funde limatalika kuposa nyumba. Pa matabwa ambiri amalembapo malita, kuti munthu adziwe ngati thabwalo lingamunyamule malinga ndi kulemera kwake.

Akuti ku Hawaii, kumene masewerawa anakhwimira, kale ankasema matabwawa kuchokera ku mitengo. Mafumu ankakwera lalitali lotchedwa olo, la mtengo wopepuka wa wiliwili, pomwe anthu wamba ambiri ankakwera alaia, lalifupi, nthawi zambiri la mtengo wa koa. Atangotchula za kusankha mtengo, maganizo anga anachoka ku Cape Town n'kubwerera kwathu.

Kuno ku Rufunsa kulibe nyanja. M'Zambia muno, ofuna masewerawa amapita kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, pamalo otchedwa Rapid 11, pomwe Zambezi amapanga funde loima malo amodzi madzi akafika pa mlingo wake. Koma tili ndi Lunsemfwa ndi Luangwa, ndipo aliyense wokulira m'chigwa amadziwa kuti mtsinje wa mu Okutobala ndi wina, wa mu Febuluwale ndi winanso.

Agogo anga aamuna anali ndi mabwato awiri. Laling'ono linali lopepuka, la mimba yaphwatalala, loti mnyamata mmodzi n'kulikoka pamchenga. Limeneli linali la chilimwe, madzi akaphwa, mchenga utatuluka pakati pa mtsinje, munthu n'kumangokankha ndi nsungwi. Lalikulu linali lalitali, lakuya, la m'mbali mokwera, ndipo kulitsitsira m'madzi pankafunika amuna anayi. Chilimwe chonse linkakhala pamthunzi atalifunditsa udzu kuti dzuwa lisaling'ambe. Mvula ikagwa kumapiri, madzi n'kufiira, n'kuyamba kubwera ndi zitsa ndi mitengo yathunthu, agogo ankagadabuza laling'ono lija kumtunda, ndipo panalibe wolikhudza mpaka Epulo. Tsiku lina mchimwene wanga anapempha kuti awolokerepo kukatenga mbuzi kutsidya. Agogo anangoti, "Mdzukulu wanga, ponya kamtengo apo uone." Kamtengo kaja kanazungulira kawiri, kenako kanalowa pansi. Mchimwene wanga sanapemphenso.

Mtengo ankausankha mosamala kuposa chilichonse. Mvunguti ndi wofewa posema ndipo sung'ambika msanga. Mchenja ndi wolimba, umakhalitsa. Mlombwa ndi mbawa anali a bwato lodzasiyira ana. Mmisiri ankauzungulira mtengo, kuugogoda ndi chigwiriro cha nkhwangwa kuti amve ngati uli ndi mphako, n'kuona mbali yomwe wapendekera, chifukwa mtengo wokhota umabala bwato lokhota, lolimbana ndi nkhafi moyo wake wonse. Pogwira kasemasema ankasiya pansi pochindikala kuti kulemera kukhale kumunsi. Palibe analembapo malita, koma ankadziwa kuti ili ndi la anthu atatu, ilo la anthu asanu ndi matumba awiri a chimanga.

Chikundiwawa n'chakuti mitengo yotereyi yapita kutali. Yendani pa msewu wa Great East kuchokera ku Chongwe kulowera ku Luangwa Bridge, muone matumba a makala ali mbwee m'mbali mwa msewu. Sindikunyoza owotcha makala, ambiri ndi abale athu ofuna ya sukulu ndi ya feteleza. Koma mtengo wokwana bwato la dzinja umatenga zaka makumimakumi kuti ukule, ndipo ukagwa sabata imodzi wasanduka phulusa ku Lusaka. Anyamata lero akusema mitengo yosakhwima. Bwato limatuluka lopapatiza, m'mphepete mwake mutangotsala zala zitatu kuti madzi alowe. Limodzi lomwelo ndilo la chilimwe, ndilonso la dzinja. Mumakwera mayi wa mwana kumsana, njinga, thumba lopita kuchigayo, ndi ana a sukulu awiri. Pansi pali ng'ona, chapatali mvuu ikufwenthera.

Boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, ndipo n'zabwino. Koma kuwoloka sikutsekedwa. Wodwala amafunikabe kufika kuchipatala cha ku Mpanshya, ndipo miyezi yomweyi ndiyo mtsinje umakhala wolusa.

Rufunsa anakhala boma pa yekha mu 2012, atachoka pansi pa Chongwe, motero tili ndi khonsolo yathuyathu. Ndikupempha khonsolo yathu, pamodzi ndi mafumu athu a Mpanshya, a Shikabeta ndi a Bunda Bunda, kuti mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mitsinje ailembe ndi kuiteteza, isagwe popanda chilolezo cha mfumu. Dooko lililonse lodutsa anthu ambiri likhale ndi bwato lalikulu la dzinja, la mudzi wonse. Ngati mtengo wasowa, ku Okavango m'dziko la Botswana anayamba kale kupanga mabwato a fibreglass ofanana ndi osema, pofuna kupulumutsa mivunguti ndi michenja yawo. Ndipo pa bwato lililonse ajambulepo mzere wa penti: madzi akaufika, wina atsike adikire ulendo wachiwiri.

Mwana wa mlongo wanga uja akubwera pa Khirisimasi. Ndamuuza kuti ndidzapita naye kuchigwa, kwa mkulu wina amene akadali ndi kasemasema wa agogo. Pafupi ndi dooko lakale pakadali mchenja umodzi womwe agogo anauika chizindikiro ndi nkhwangwa ine ndili mwana, n'kunena kuti sunakwane. Chaka chatha ndinayesa kuukumbatira, manja sanakumane.