Musanagule GPU yachiwiri, yambani mwaganizira za mpweya

Mphwanga amakhala ku Itawa, mu Ndola, ndipo chakudya chake chimachokera pa kompyuta. Amakonza mavidiyo a maukwati, komanso amajambulira anthu ofuna kumanga nyumba zawo mu Blender. Atasunga ndalama miyezi ingapo, anagula graphics card yachiwiri yogwirapo kale ntchito, imene ambiri timangoti GPU, n'kuiika pansi pa yoyamba. Mpata wotsala pakati pake unali woti ngakhale chala sichingalowe. M'nyengo yozizira zonse zinayenda bwino. Pofika Okutobala, kompyuta inayamba kulira ngati chigayo, ntchito n'kumachedwa, mpaka tsiku lina inazima ali pakati pa ntchito ya kasitomala amene anali atalipira kale theka.

Maganizo anga ndi awa: GPU yachiwiri yopanda popumira ndi ndalama zotayidwa. Achinyamata timakonda kufunsana kuti "uli ndi ma GB angati?" koma palibe amene amafunsa kuti mpweya ukulowera kuti.

Ma GPU ambiri ali ndi mafani awiri kapena atatu oyang'ana pansi. Amakoka mpweya, n'kuulavulira m'bokosi momwemo utatentha. Mukaika awiri mothinana, mafani a yapamwamba amayang'anizana ndi msana wotentha wa inzake, ndiye imapuma mpweya wotha kale ntchito. Ma GPU ambiri a Nvidia akafika cha m'ma digiri 83 amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse. Mwalipira awiri, koma ntchito imene mukupeza siikufika pa awiri.

Taonaninso moto wake. RTX 3090 imodzi imadya mawati 350. Ziwiri ndi 700, ngati kahita koyatsidwa m'bokosi lotseka. Amene anazipanga sanaganizire chipinda cha malata cha ku Ndola mu Okutobala, pamene kunja kumapitirira madigiri 30. Ndola ilinso pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo mpweya wa pamalo okwera chonchi ndi wopepuka, sunyamula kutentha kwambiri ngati wa kunyanja yamchere. Onjezanipo fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limene limatseka timipata ta zitsulo zoziziritsira.

Ngati cholinga chanu ndi magemu chabe, musavutike n'komwe. Njira yolumikiza ma GPU awiri pa magemu, yotchedwa SLI, inatha. RTX 3090 Ti ya mu 2022 ndiyo inali GeForce yomaliza kukhala ndi polumikizira pake, ndipo RTX 4090 ya mu 2022 inabwera ilibe. Gulani imodzi yamphamvu basi. Koma kwa anthu a Blender ngati mphwanga, yachiwiri imathandizadi, bola muisamale.

Yambani ndi zaulere. Pulogalamu ya MSI Afterburner imakuonetsani kutentha kwa GPU iliyonse, ndipo imakulolani kutsitsa power limit. Mukaitsitsa kufika pa 75 kapena 80 peresenti, liwiro limatsika pang'ono chabe koma kutentha kumatsika moonekeratu. Ena amaona ngati kuchita zimenezi n'kudzibera. Ayi. GPU yoyenda mofatsa usiku wonse imamaliza ntchito. Yothamanga n'kukomoka panjira siimaliza. Ndipo amene mukukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba malaiti n'kumapita maola ambirimbiri, mukudziwa kuti pa inveta wati iliyonse imawerengedwa.

Kenako pezani mpata. Ngati motherboard ili ndi slot ina m'munsi, sunthirani yachiwiriyo kumeneko. Ngati ilibe, chingwe cha riser chimakuthandizani kuitalikitsa. Ikani mafani kutsogolo kwa bokosi, imodzi iloze pakati penipeni pa ma GPU awiriwo, ndipo kumbuyo kapena pamwamba kukhale ina yotulutsa mpweya wotentha. Ngati simunagule, funani mtundu wa blower: uli ndi fani imodzi imene imatayira kutentha kunja kwa bokosi. Umachita phokoso, koma unapangidwira malo othina.

Chotsani kompyuta pansi, muiike patebulo, kutali ndi khoma. Nyengo yafumbi ipukuteni mwezi uliwonse, ndipo popemerera gwirani fani ndi chala kuti isazungulire. GPU yogula kwa munthu nthawi zambiri imafuna thermal paste yatsopano. Kutsegula chitseko cham'mbali n'kulozetsa fani yapatebulo kungakupulumutseni lero, koma mawa fumbi lonse likhala mkati.

Wina anganene kuti mankhwala enieni ndi kuziziritsa ndi madzi. N'zoona zimagwira ntchito, koma zida zake n'zodula, zambiri n'zoitanitsa kunja, ndipo zikadontha mumalira kawiri.

Mphwanga sanagule chilichonse chachikulu. Anasuntha GPU imodzi, anawonjezera mafani awiri, n'kutsitsa power limit. Kasitomala uja analandira ntchito yake mochedwa ndi masiku awiri, ndipo mpaka lero sanabwerenso. Ndalama za mafani awiriwo zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anataya pa munthu mmodziyo.