Shire ndi wodzaza pa Kapichira, nanga mipopi ya kuchigwa ikuumiranji?

Pa mathithi a Kapichira, m'mphepete mwa nkhalango ya Majete ku Chikwawa, mtsinje wa Shire umadutsa chaka chonse, ngakhale mu October pamene timitsinje tambiri taphwa. Koma kunsi kwa malowa, ku Chikwawa Boma, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, mipopi youma ndi mijigo ya madzi amchere si nkhani yachilendo.

Kuti madzi a mumtsinje kapena a pansi pa nthaka afike pampopi ali abwino kumwa, pamafunika mapampu, magetsi, mankhwala, mapaipi ndi anthu ogwira ntchito. Zonsezi ndi ndalama. Choncho kayendetsedwe ka mabungwe ogulitsa madzi, kaperekedwe ka makontirakiti ndi ngongole zawo ndi nkhani ya zaumoyo, chifukwa ndalama zikasokonekera mu ofesi, zotsatira zake zimakaonekera kuchipatala.

Mwini ntchito ndani?

Lamulo la Waterworks Act la 1995 ndilo limayendetsa mabungwe asanu a boma ogulitsa madzi: Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, ndi atatu a m'zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera. Matauni a m'chigwa cha Shire ali m'manja mwa Southern Region Water Board, SRWB mwachidule, imene likulu lake lili ku Zomba. Kumidzi, mijigo ndi mipopi ya m'madera imayang'aniridwa ndi makhonsolo, makomiti a anthu a m'mudzi ndi magulu a ogwiritsa ntchito madzi otchedwa ma WUA, mothandizidwa ndi mabungwe omwe si a boma.

Mabungwe asanuwa amayenera kuyenda ngati bizinesi: agulitse madzi, alipire zonse zofunika, kenako atsale ndi yokonzera ndi kukulitsira ntchito. Koma zinthu ziwiri zikuluzikulu sizili m'manja mwawo. Mamembala a bodi amasankhidwa ndi boma, ndipo mtengo wa madzi sungakwere popanda chilolezo cha boma. Mu June 2020, boma litangosintha, mabodi a mabungwe a boma ambiri anathetsedwa nthawi imodzi ndipo atsopano anasankhidwa patapita miyezi. Paipi imaikidwa kuti ikhale zaka makumi angapo, pamene bodi imene ikuvomereza ngongole yogulira paipiyo ikhoza kuchoka chisankho chikangotha.

Ndalama zimalowa pati, zimathera pati

Gwero lenileni la ndalama za bungwe la madzi ndi bilu ya kasitomala. Gwero limeneli lili ndi mabowo atatu.

Bowo loyamba ndi madzi otayika. Awa ndi madzi amene apopedwa ndi kuthiridwa mankhwala koma salipiridwa ndi aliyense chifukwa cha mapaipi ophulika, mamita akufa ndi anthu olumikiza mozemba. Ku Blantyre, kwa zaka zambiri madzi otere akhala pafupifupi theka la onse amene bungwe limatulutsa. Zili ngati wogulitsa mandasi amene theka la mandasi ake limagwa m'njira koma ufa ndi mafuta walipira zonse.

Bowo lachiwiri ndi ngongole za boma lenilenilo. Zipatala, ndende, polisi, asilikali ndi sukulu za boma ndi makasitomala akuluakulu, ndipo mabungwe a madzi akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti nthambi za boma zili ndi ngongole za mabiliyoni a kwacha. Munthu wamba akalephera kulipira amamudulira madzi. Chipatala cha boma sungachidulire popanda kuika miyoyo pachiswe. N'chifukwa chake mabungwewa akhala akuika mamita olipiriratu, kuti madzi azigulidwa ngati mayunitsi a magetsi.

Bowo lachitatu ndi kugwa kwa kwacha. Bilu imalipiridwa m'makwacha, koma klorini, mapampu, mamita ndi zipangizo zambiri zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo ngongole zambiri zomangira malo oyeretsera madzi zinatengedwa m'madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Tsiku limene kwacha yagwa, ngongole ya m'madola imakula m'makwacha ngakhale bungwe lisanakongole kanthu kena. Mitengo ya madzi inakwezedwa mu 2021 ndi mu 2023, koma kukweza kotere kumabwera mochedwa ndiponso kamodzin'kamodzi, motero kumapweteka kasitomala pomwe bungwe limakhala litamira kale.

Zimene Kapichira anatiphunzitsa mu 2022

Pa 24 January 2022 namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, ndipo makina a EGENCO opanga mamegawati 129.6 anaima. Dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake, ndipo makinawo sanabwerere mpaka mu 2023. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka madola 60 miliyoni othandizira kubwezeretsa magetsi.

Anthu ambiri amakumbukira mdima wa chaka chimenecho, koma kuzima kwa magetsi kumakhudzanso mpopi. Pampu ikaima, madzi sakwera m'thanki. Bungwe likayatsa jenereta, limawotcha dizilo amene mtengo wake sunawerengedwe mu bilu ya kasitomala. Chitsanzo chachikulu ndi Blantyre, imene imapopa madzi ake ambiri kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry n'kuwakweza mtunda wa mamita mazana angapo kufika mumzinda, moti magetsi ndiwo amadya gawo lalikulu la ndalama za bungwelo.

Mpopi wotuluka mwa apo ndi apo uli ndi ngozi imene siioneka ndi maso. Paipi ikakhala yodzaza, mphamvu ya madzi imakankhira kunja, ndipo zonyansa sizingalowe ngakhale patakhala kabowo. Madzi akasiya, mphamvuyo imatha ndipo madzi oipa a m'nthaka, ena ochokera kufupi ndi zimbudzi, amatha kulowa pa mabowo omwewo. Madzi akabweranso amanyamula zonsezo kupita nazo kunyumba. Kuwonjezera apo, banja limene silikudziwa kuti madzi abwera liti limasunga m'zidebe masiku angapo, klorini amatha mphamvu, ndipo manja ndi makapu zimalowa m'chidebemo. Ena amapita kumtsinje, kumene kuli ng'ona ndi tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba.

Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unakhudza Nsanje ndi Chikwawa m'miyezi yoyambirira, usanafalikire dziko lonse. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira, mliri woipitsitsa m'mbiri ya dziko lino. Mu March 2023 namondwe Freddy anabwera n'kuwononganso mipopi, mijigo ndi zimbudzi m'chigawo cha kummwera.

Mjigo wokha sungathetse vuto la kuchigwa

M'madera ambiri a Malawi, kukumba mjigo ndi yankho lotsika mtengo. Kuchigwa nkhani ndi ina. Nthaka ya kumeneku ili ndi mchere wachilengedwe m'malo ambiri, ndipo kutentha kumaumitsa madzi n'kusiya mcherewo uli wochuluka. Mjigo ukhoza kukumbidwa bwinobwino koma madzi ake osamweka, ndipo anthu amausiya n'kubwerera kumtsinje. Apa m'pamene kalembedwe ka kontirakiti kamakhala kofunika. Ngati wokumba amalipidwa potengera mamita amene wakumba, ntchito yake yatha madzi akangotuluka. Kontirakiti yabwino imasunga gawo la malipiro mpaka madzi atayezedwa ku labotale n'kupezeka oyenera kumwa.

Kontirakiti ya lero ndi bilu ya mawa

Ntchito zikuluzikulu za madzi sizimangidwa ndi ndalama za mabilu. Zimamangidwa ndi ngongole ndi thandizo. Blantyre Water Board inamanga paipi yochokera ku Likhubula ku Mulanje ndi ngongole ya Exim Bank ya ku India. SRWB inakulitsa ntchito yake ku Mangochi, pa Nkhudzi Bay, ndi ngongole ya Kuwait Fund, ndipo ntchitoyo inakumana ndi mkangano chifukwa inakhudza malo otetezedwa a Lake Malawi National Park. Mu 2023 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 145 miliyoni a madzi ndi ukhondo mumzinda wa Blantyre.

Nkhani imene yakambidwa kwambiri ndi ya paipi yochokera ku nyanja ku Salima kupita ku Lilongwe, imene kontirakiti yake inapita ku kampani ya Khato Civils. Mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita kukhoti kukafunsa chifukwa chake ntchitoyo iyambe kafukufuku wa zachilengedwe asanachitike. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza ngongole ya K105 biliyoni yochokera ku mabanki a m'dziko muno yoyendetsera ntchitoyo. Phunziro lake n'lakuti kontirakiti ikasainidwa mafunso ena asanayankhidwe, zaka zimatha m'makhoti ndi m'zokambirana, mitengo ya zipangizo imakwera, ndipo wolipira mapeto ake ndi kasitomala kapena wokhoma msonkho.

Malamulo oteteza zimenezi alipo. Bungwe la PPDA limayang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ACB imafufuza za katangale, ndipo mkulu wolondoloza ndalama za boma ndi makomiti a Nyumba ya Malamulo ali ndi mphamvu younika mabuku a mabungwewa. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi kuti munthu wamba wa ku Ngabu adziwe kuti kontirakiti inapita kwa yani, pa mtengo wanji, ndipo ntchito itha liti.

Ngalande yatsopano, mafunso akale

Pa Kapichira pomwepo m'pamene payambira ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme. Ntchito yomanga inakhazikitsidwa mu 2020 ndipo kampani ya ku Portugal ya Conduril ndiyo inamanga gawo loyamba. Cholinga ndi kuthirira mahekitala 43,370 ku Chikwawa ndi Nsanje, madzi akuyenda okha motsetsereka popanda pampu, ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi African Development Bank. Namondwe Ana anawononganso malo olowera madzi mu ngalandeyi ndipo ntchito inachedwa.

Mu pulani ya ntchitoyi muli gawo lopereka madzi akumwa ku Chikwawa Boma. Uwu ndi mwayi weniweni, chifukwa madzi a mu Shire alibe vuto la mchere la mijigo, ndipo madzi obwera okha amachepetsa bilu ya magetsi. Komabe madzi a mumtsinje ndi amatope, makamaka m'dzinja, ndipo amafuna mankhwala ambiri kuposa a pansi pa nthaka. Mafunso atatu ayenera kuyankhidwa poyera: bungwe la madzi lizilipira zingati kwa woyendetsa ngalande, madzi akachepa woyamba kupatsidwa ndani pakati pa minda ndi mipopi, ndipo ngalande ikatsekedwa kuti ikonzedwe anthu azimwa chiyani?

Woyimbira mpira akufunika

Pa magetsi ndi mafuta pali MERA, imene imaunika mitengo. Bungwe la NWRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, limapereka zilolezo zotungira madzi m'mitsinje ndi pansi pa nthaka, koma mtengo wa pampopi umadutsabe ku unduna. Boma ndilo mwini bungwe, ndilo lovomereza mtengo, ndiponso ndilo kasitomala wamkulu wangongole. Ku Zambia kuli NWASCO, imene kuyambira mu 2000 imaunika mitengo ya makampani a madzi n'kumatulutsa lipoti la chaka ndi chaka loonetsa maola amene madzi amatuluka, madzi otayika ndi ubwino wa madzi a kampani iliyonse.

Podikira zotere, nzika zili ndi chida. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo limakhudzanso mabungwe a boma. Makhansala, ma ADC, mafumu ndi aphungu a Chikwawa ndi Nsanje akhoza kupempha zotsatira za kuyeza madzi, ngongole za nthambi za boma m'maboma awo, ndi mayina a makontirakitala ndi masiku omalizira ntchito. Pakhomo, madzi oyamba kutuluka mpopi ukakhala unauma asamwedwe osawiritsa kapena osathira klorini, ndipo paipi yophulika inenedwe tsiku lomwelo, chifukwa madzi otayikawo amalowa mu mtengo umene tonse timalipira.