Mwana akawengedwa ali kusukulu, udindo ndi wa yani?

M'chaka cha 2003, mtsikana wa zaka 13 wa ku Ontario m'dziko la Canada, Sabrina Shannon, anamwalira atadya tchipisi cha pasukulu pake chimene chinakhudzana ndi zakudya za mkaka zomwe zinkamuwenga. Mu 2005 aphungu a chigawocho anakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, lokakamiza sukulu za boma kukhala ndi dongosolo la mwana aliyense amene ali ndi vutoli ndiponso kuphunzitsa aphunzitsi chochita. Dziko la America linatsatira mu 2013 ndi lamulo lolimbikitsa kuti sukulu zizisunga jakisoni wa adrenaline, ndipo ku England sukulu zinaloledwa kugula jakisoniyu kuyambira mu 2017.

Ena anganene kuti izi ndi nkhani za azungu. Ife sitikuona choncho. Ziwengo timazidziwa: pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi munthu amene sadya nkhumba, mlamba kapena mtedza chifukwa amatuluka zidzolo. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti kwa ana ena kuwengako sikuthera pakhungu. Milomo ndi lilime zimatupa, kukhosi kumatsekeka, mwana amabanika n'kukomoka, ndipo zonsezi zingachitike m'mphindi zochepa atadya chakudyacho kapena atalumidwa ndi njuchi ngakhale mavu. Oona amati ndi mphumu, ena khunyu, enanso amathamangira kuganiza za ufiti, nthawi n'kumapita. Mapiritsi a Piriton amachepetsa kuyabwa koma satsegula kukhosi. Mankhwala oyamba ndi adrenaline, wobayidwa pantchafu mwamsanga.

Tsono taganizirani sukulu ya m'dera la Mfumu Chigaru imene ili kutali ndi msewu wa M1. Kuti mwana afike pachipatala cha Lirangwe pafunika kabaza. Kuti afike ku Mlambe ku Lunzu kapena ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, ulendo ndi wautali ndithu, makamaka nthawi ya dzinja. Anzathu a m'midzi ya ku Chileka akudziwa zomwezi.

Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulayimale. Ngati boma likulamula kholo kupereka mwana wake m'manja mwa aphunzitsi kuyambira m'mawa, ndiye kuti moyo wa mwanayo nawonso uli m'manja mwa sukulu maola amenewo. Komanso sukulu zambiri tsopano zimadyetsa ana. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, limapereka phala la chimanga ndi soya, ndipo phalali lasunga ana ambirimbiri m'kalasi. Sitikulinyoza ayi. Tikungoti soya, monga mtedza, ali m'gulu la zakudya zimene zimawenga ana ena ochepa, ndipo amayi ophika mongodzipereka aja ayenera kuuzidwa kuti anawo ndi ati.

Kodi tikopere lamulo la ku Canada monga liliri? Tikukayika. Jakisoni wodzibaya yekha amene sukulu za kumeneko zimasunga ndi wodula, amatha mphamvu pakapita chaka ndi miyezi ingapo, ndiponso safuna malo otentha. Kulamula sukulu yosowa ngakhale choko kuti izimusunga n'kulemba lamulo loti lizingogona m'kabati. Koma mbali zina za lamulolo sizifuna ndalama zambiri: kaundula wa ana amene ali ndi ziwengo zoopsa, aphunzitsi awiri kapena atatu ophunzitsidwa ndi alangizi a zaumoyo kuzindikira zizindikiro, nambala ya wakabaza wodalirika, ndi mgwirizano ndi chipatala chapafupi kuti adrenaline asamasowe. Mphunzitsi adziwenso kuti mwana wotere samuyendetsa wapansi. Amamugoneka n'kukweza miyendo, kapena kumukhazika ngati akubanika, uku thandizo likubwera.

Zimenezi aphungu athu angaziike m'malamulo. Koma sukulu zambiri kuno eni ake ndi mipingo, kuphatikizapo wathu, ndipo makomiti a sukulu, magulu a amayi ndi makatekisiti sayenera kudikira Nyumba ya Malamulo. Polembetsa ana a Sitandade 1, funso limodzi liwonjezedwe pa dzina, mudzi ndi zaka: kodi pali chakudya, mankhwala kapena kachilombo kamene kanamutupitsapo mwanayu?