Musaiombere m'manja njira ya m'madzi oundana

Mwina mwachionapo kale chithunzi chija chimayendayenda pa Facebook: mapu a dziko lapansi, mzere wautali wodzera ku Suez, ndi wina waufupi wodzera pamwamba pa Russia. M'munsi mwake wina n'kulembapo kuti dziko lafupika, katundu atsika mtengo. Ndiye inu, inu nomwe olemba ndakatulo zolira mitengo ya m'Dzalanyama, mumvekere "zabwino zimenezo". Ayi abale anga, sabata ino tikangane.

Zoona zake tisazibise. Njirayo ilipodi. Imatchedwa Northern Sea Route, ndipo imalambalala gombe la kumpoto kwa Russia, m'nyanja ya Arctic. Sitima yochoka ku Rotterdam kupita ku Japan ikadzera kumeneko, ulendo umafupika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi wodzera ku Suez. Mu 2018 kampani ya Maersk idayesa kudutsitsako sitima yamakontena yotchedwa Venta Maersk, ndipo idafika bwinobwino. Eni sitima ali ndi zifukwa zosuzumirako: mu Marichi 2021 sitima ya Ever Given idapingasa mu ngalande ya Suez n'kutseka njira masiku asanu ndi limodzi, ndipo kumapeto kwa 2023 zigawenga za Houthi zidayamba kuthira moto sitima pa Red Sea. Munthu wamalonda akapsa kawiri pa khomo limodzi amayamba kufunsa za khomo lakuseri.

Koma funsani kuti khomo lakuserilo adatsegula ndani. Suez idakumbidwa ndi manja a anthu. Iyi palibe adaikumba. Yatseguka chifukwa madzi oundana amene adaphimba nyanjayo kuyambira kalekale akusungunuka, ndipo dera la Arctic likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse.

Inu a ku Mitundu, ku Malingunde ndi ku Nathenje nkhani yotere mukuidziwa bwino kuposa akatswiri. M'Dzalanyama muli tinjira tambirimbiri lero, toti njinga ya matumba atatu a makala imadutsa osakodwa. Kale munalibe tinjira timeneto chifukwa munali mitengo. Kodi alipo mwa inu adaimirirapo n'kunena kuti tithokoze, nkhalango yatseguka, mayendedwe aphweka? Palibe. Tonse timadziwa kuti kanjira kalikonse m'menemo ndi chipsera. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'menemo, madamu a Kamuzu ku Malingunde amadalira iwo, ndipo mu 2015 zinthu zidafika poti boma lidatumizako asilikali kukalondera mitengo. Mnyamata wokankha njinga ya makala usiku timamutcha wowononga, akagwidwa njinga imalandidwa. Koma wina akapeza kanjira komweko m'nyanja, ali ndi sitima yaitali kuposa mabwalo awiri a mpira, timati ndi mwayi wa zamalonda. Eti?

Ndiye akuonjezera moto pomwe papsa kale. Utsi wa sitima uli ndi mwaye, mwayewo ukagwera pa madzi oundana oyera aja amada, ndipo chakuda chimamwa dzuwa. Kusungunuka kumafulumira, njira imakula, sitima zimachuluka. Bungwe loona za maulendo a panyanja la IMO lidaletsa mafuta okhuthala akuda aja ku Arctic kuyambira pa 1 Julayi 2024, koma lidasiya mipata yoti sitima zambiri zipitirize kuwagwiritsa ntchito mpaka 2029. Mafuta akatayika kumeneko, madoko ndi otalikirana, nyengo yachisanu kumakhala mdima miyezi, wokawola palibe pafupi. Ndipo katundu wochuluka amene akuyenda m'njirayo lero si mabuku kapena mankhwala ayi. Ndi gasi, mafuta ndi miyala ya m'migodi ya Russia, monga gasi wochokera pa doko la Sabetta. Kutentha kwatsegula njira yotulutsira zinthu zoonjezera kutentha komweko.

Mwina mukuti zimenezo n'za azungu, ife zikutikhudza pati. Kumbukirani Januwale 2022. Namondwe Ana adagumula Kapichira, magetsi pafupifupi mamegawati 130 n'kuchoka kwa nthawi yoposa chaka. Akatswiri a World Weather Attribution adapeza kuti kutentha kwa dziko kudaonjezera mphamvu ya mvula ya anamondwe a nyengo imeneyo. Sindikunena kuti sitima ya ku Arctic ndiyo idagumula Kapichira. Ndikunena kuti ng'anjo yake ndi imodzi. Ndipo magetsi atazima mu Lilongwe, nsima idaphikidwa ndi chiyani? Makala. Ochokera kuti? Mukudziwa kale.

Tsono tibwere pa zoti katundu atsika mtengo. Atsikira ndani? Tengani mapu aja muwayang'anenso. Mzere waufupiwo ukulumikiza China ndi Japan ku Ulaya. Ife tili kuti pamenepo? Feteleza, mafuta ndi mchere wathu zimatsikira pa Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, kenako n'kukwera mathiraki amene mumawaona akupuma pa Nathenje atalowera pa chipata cha Dedza. Sitima yochoka ku Shanghai kubwera ku Nacala ilibe chokachita kumpoto. Ndipo ngati tsiku lina malonda aakulu a pakati pa Asia ndi Ulaya adzasamukiredi kumeneko, sitima zodutsa kufupi ndi Africa zidzachepa, osati kuchuluka. Amene adakhalapo m'mbali mwa msewu umene mabasi adausiya akudziwa mmene mtengo wa ulendo umakhalira.

Palinso phunziro lina limene tidalipira kale ndi ndalama zathu. Mu Okutobala 2010 Bingu wa Mutharika adatsegulira doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo. Pa mapu zinali zokoma: kutsika ndi Shire, kulowa Zambezi, kutulukira ku nyanja, mtunda waufupi kuposa wa pamsewu. Anthu adadikira bwato lonyamula feteleza, koma bwatolo silidafike, akuluakulu a Mozambique adaligwira m'njira. Dokolo mpaka lero silidalandire malonda amene tidalonjezedwa. Njira yachidule yodutsa pakhomo pa munthu ndi ya mwini khomoyo. Ya ku Arctic nayo ili ndi mwini: sitima imayenera kupempha chilolezo kwa Russia, ndipo zisitima zoswa madzi oundana zoyendera mphamvu ya nyukiliya, zimene zimatsogolera zinzake, ndi za kampani ya boma ya Rosatom. Nyengo yake yodutsa mosavuta ndi miyezi yochepa chabe, cha m'ma Julayi mpaka Okutobala. Wamakontena amafuna tsiku lodziwika, ndipo n'chifukwa chake katundu wa chaka chonse m'njirayo sadafike matani 40 miliyoni mu 2024, pamene Suez pa chaka chabwino imadutsitsa oposa biliyoni imodzi.

Ngati Nsanje yakutalikirani, nayi ya pakhomo. Mu Marichi 2023 pa Mkwinda, kufupi ndi Bunda, padachitika mwambo wolandira matani 20,000 a feteleza amene kampani ya ku Russia ya Uralchem idapereka kwaulere. Fetelezayo adakhala miyezi atatsekeredwa ku Netherlands chifukwa cha zilango za nkhondo ya ku Ukraine, kenako adabwera pa sitima imene bungwe la WFP lidachita hayala, n'kudzera pa Beira. Mlimi aliyense wa ku Mitundu angakuuzeni kuti feteleza wokulitsa wofika mu Marichi wapeza chimanga chikukhwima. Chidamuchedwetsa sichinali kutalika kwa nyanja. Zinali ndale, mapepala, ndi mathiraki a pakati pa doko ndi munda.

Ndiye musandiuze za masiku khumi amene sitima ingapulumutse pamwamba pa Siberia, pamene ife thiraki imatha masiku pa chipata podikira chidindo, ndipo dola yogulira mafuta ikasowa mizere imagona pa mafilingi siteshoni. Njanji yochokera ku Nacala ilipo, imadzera pa Nkaya ndi Salima mpaka ku Kanengo. Mlembi wa m'gulu lino amene ali ndi mphamvu zolemba za sitima, alembe za imeneyo: chifukwa chiyani feteleza wathu wambiri akadakwerabe mathiraki, ndipo ndani akudya bwino zinthu zikakhala choncho. Ndikudikira m'makomenti, makamaka inu a ku Kanengo amene mumaiona ikalowa.