Wapolisi wa ku Malindi amve Chiyao, adziwenso nyanja

Boma likalengeza kuti likulemba apolisi atsopano, achinyamata amathamangira kukajambulitsa masatifiketi a MSCE. Amwayi amapita ku Kanjedza ku Limbe, ku Mtakataka kapena ku Mlangeni kukaphunzira kuguba, kugwira mfuti ndi malamulo. Palibe akutsutsa zimenezo. Koma mabwana a ku Area 30, tiuzeni: wapolisi amene mukumutumiza ku Malindi, mwamukonzekeretsa za Malindi?

Kuno anthu ambiri amayankhula Chiyao. Agogo akafika kupolisi ndi mdzukulu wawo wogwiriridwa n'kupeza bwana wosamva Chiyao, bwanayo amangokodola wakabaza amene wakhala pakhonde kuti atanthauzire. Dzuwa lisanalowe, dzina la mwanayo lili kale pakamwa pa anthu kumsika ndi kudoko. Mawa banja lina likagweredwa zomwezo limangoti tikathere kwa amfumu. Wolakwa amalipira mbuzi, n'kumayendabe mwamatama m'mudzi momwemo.

Nanga nyanja? Mwera ukakuntha m'miyezi ya June ndi July, bwato la asodzi a usipa n'kugubuduka, wapolisi wosadziwa kusambira amangoima pamchenga ndi jombo zake, kope kumanja. Okafunafuna otayikawo ndi asodzi anzawo. Apolisi a pamadzi ali ku Monkey Bay, kutsidya, pomwe gombe lonse mpaka ku Makanjira anthu amadya za m'madzi.

Ena akuti wapolisi asamagwire ntchito kwawo, angamakondere abale. Chabwino. Koma kodi Chiyao chimathera pa mlatho wa Bakili Muluzi? Chiliko ku Machinga, ku Balaka, ku Zomba. Mtsikana wa ku Liwonde angagwire ntchito ku Malindi popanda malume ake pafupi. Ena akuti Chichewa n'chokwanira. Chokwanira kwa ndani? Munthu wosweka mtima amadandaula m'chiyankhulo chimene adayamwira.

Choncho polemba apolisi, chiyankhulo chiwerengeredwe monga momwe amawerengera magiredi a Chingerezi. Mayeso olowera afike kufupi ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuti mwana wa msodzi asalephere chifukwa chosowa ya thiransipoti. Aliyense wotumizidwa kunyanja ayambe waphunzira kusambira ndi kuyendetsa boti la injini. Ndipo aphungu a Mangochi, mukapita ku Nyumba ya Malamulo, kafunseni nduna yoona za chitetezo cha m'dziko kuti mwa apolisi omaliza maphunziro chaka chino, omva Chiyao ndi angati, ndipo atumizidwa kuti.