Ndeke za Hitler za papepala zatikwana

Amene mumasewela magemu oulutsa ndeke za nkhondo pa kompyuta mudziwa kuti cimene cimakometsa gemu ndi ma mod. Munthu amakhala pansi, kuumba ndeke mu Blender, kuipaka utoto, kulemba manambala a kulemela kwake ndi mphamvu ya injini, basi ndeke imene kampani sinaikemo yayamba kuuluka. Ena amapitilila, amapanga ndeke zimene sizinakhaleko n'komwe, pofunsa kuti, mbili ikanayenda mwina, kumwamba kukanauluka ciani? Nchito imeneyi ndimailemekeza. Cimene ndikana ndi cakuti funso labwino conco lasanduka kacisi wopembedzelamo ndeke za Hitler, ndipo ife a kuno tingotsatila m'mbuyo n'kuombela m'manja.

Cizolowezi cimeneci acicha Luft '46. Maganizo ake ndi akuti nkhondo yaciwili ya dziko lonse ikanapitilila mpaka 1946, Germany ikanatulutsa ndeke za jeti zoopsa n'kutembenuza zinthu. Gemu ya IL-2 Sturmovik: 1946, imene inatuluka mu 2006, inaikamo zingapo, monga Ta 183 ndi Go 229. Mu gemu ziwilizi zimauluka bwino, injini sizivuta, mafuta sasowa. Manje tiyeni tione zimene zinacitika.

Ta 183 ya kampani ya Focke-Wulf sinaulukepo ngakhale kamodzi. Nkhondo itatha, Kurt Tank, mkulu wa opanga ndeke pa kampaniyo, anapita ku Argentina n'kupanga Pulqui II kucokela pa maganizo amodzimodziwo. Inauluka mu 1950, inali yovuta kuigwila, inapha oyendetsa awili, ndipo inathela pa ndeke zoyesela cabe. Go 229, ya phiko lokhalokha ija, inagwa mu February 1945 n'kupha woiyesa, Erwin Ziller. Ngakhale Me 262, jeti imene inamenyadi nkhondo, inali pa mavuto. Anapanga zoposa 1,400, koma zimene zinalowa m'nkhondo zinali mazana ocepa. Injini yake, Jumo 004, inali kutha pambuyo pa maola 10 mpaka 25, cifukwa Germany inalibe zitsulo zopilila kutentha monga nickel ndi chromium. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndeke ya papepala imapambana nkhondo iliyonse cifukwa siinakumanepo ndi mphepo.

Palinso cina cimene mod sionetsa. Matupi a Me 262 anali kupangidwa m'mapanga a pansi pa nthaka ku Gusen, m'dziko la Austria, ndi akaidi a m'misasa yozunzilako anthu, ndipo ambili anafela pa nchitoyo. Wonena kuti Germany ikanapanga jeti zina masauzande akunena, adziwe asadziwe, kuti akapolo enanso masauzande akanafa. Boma lomwelo linali kuona munthu wakuda ngati cinthu cotsika. Nanga mnyamata wa ku Matero kapena Chawama athelanji ma bundle ake kukongoletsa maloto a anthu amenewo?

Ndidziwa yankho: ni gemu cabe, mudala, osaikako ndale. Koma anthu omwewo amakangana usiku wonse pa nkhani ya liwilo, kuti ndeke yakuti ikuthamanga kuposa mmene iyenela. Ngati coonadi cili ndi nchito pa liwilo, cikhalenso ndi nchito pa injini, pa mafuta ndi pa manja amene anamanga ndekeyo. Simungasankhe coonadi cokukomelani cabe n'kumati mukutsata mbili.

Comvetsa cisoni n'cakuti funso lakuti "zikanakhala bwanji" tili nalo lathu, ndipo ndi lolemela kuposa la ku Berlin. Pa 19 October 1978, patapita milungu yocepa ZIPRA itagwetsa ndeke ya anthu wamba ya Air Rhodesia pafupi ndi Kariba, ndeke za Rhodesia zinalowa m'dziko muno. Ma Canberra, ma Hawker Hunter ndi ma helikopita anaphulitsa Freedom Camp ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo tsiku lomwelo anaukila msasa wa ku Mkushi kumene kunali atsikana a ZIPRA. Anthu mazana anafa. Woyendetsa wina, wodzicha Green Leader, anauza a pa nsanja ya bwalo la ndeke la Lusaka kuti ndeke za Zambia zisayese kunyamuka ku Mumbwa, ndipo sizinanyamuke. Mau ake anajambulidwa, ali pa YouTube mpaka lelo, ndipo osilila Rhodesia amawamvetsela ngati nyimbo. Tikakhala cete, nkhani ya tsiku lija idzakhala ya iwo okha.

Apa ndiye pali nchito ya mod. Zambia Air Force inali ndi ma Galeb ndi ma Jastreb a ku Yugoslavia, ma MB-326 a ku Italy, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 inalandila ma F-6, amene ndi MiG-19 yopangidwa ku China. Ma MiG-21 a ku Soviet Union anabwela pambuyo pake, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Bwanji akanafika zaka zitatu m'mbuyo? MiG-21 imathamanga kuwilikiza kawili liwilo la mau, pamene Hunter siifika pa liwilo la mau ikamauluka mowongoka. Koma MiG imatha mafuta msanga, ndipo imadalila radar ya pansi kuti iuze woyendetsa kumene kuli mdani. Ndeke zobwela m'munsi kucokela ku cigwa ca Zambezi, ndani akanaziona nthawi ikalipo? Kucokela pa cenjezo mpaka ndeke kunyamuka pakanapita mphindi zingati? Funso lina: Britain inatumiza ma Gloster Javelin ku Ndola mu December 1965, Ian Smith atangolengeza ufulu wake wakuba, koma sanamenye nkhondo. Bwanji akanalamulidwa kuoloka Zambezi?

Cenjezo langa ndi limodzi. Tisacite bodza lomwe lija titangosintha mbendela. Mod imene ipatsa Zambia ya 1978 ndeke mazana awili zosawonongeka siisiyana ndi Luft '46. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ndalama zinali zosowa. Mafuta anali kudzela mu paipi imodzi ya TAZAMA kucokela ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Mwezi womwewo wa October 1978, a Kaunda anakakamizika kutsegulanso njanji yodzela ku Rhodesia kuti feteleza alowe. Ikani zimenezi mu mishoni: ndeke zinayi, ziwili zikudikila ma spare, mafuta oyeza, radar yoona mocedwa. Wosewela akaluza, adzamvetsa cifukwa cake ndeke zinakhala pansi tsiku lija. Akapambana, adzadziwa mtengo wake.

Kuyamba sikufuna ndalama zambili. Blender ndi FlightGear ndi zaulele. Mu Strike Fighters 2, manambala ambili a ndeke ali m'mafailo amene mungatsegule ndi Notepad. Mu DCS World muli kale MiG-21bis ndi MiG-19, ndipo kuzipaka zizindikilo za ZAF ndi nchito imene ngakhale woyamba kumene angaikwanitse. Cina cimene a kunja alibe, ife tili naco: amene anali oyendetsa ndi amakanika a ndekezi ena akali moyo, amapemphela nafe chalichi cimodzi. Pitani mukawafunse, mwaulemu, akuuzeni mmene injini inali kuvutila m'nyengo yotentha. Zimenezo simudzazipeza pa Google, ndipo eni ake akukalamba.